Namsongole mu Balere wa ku Ain Tella

Naziha Ferchichi anali atangotereka khofi pamoto pamene foni inalira. Linali Lachiwiri m'mawa, kumapeto kwa Novembala. Patebulo la m'nyumba yake mu Tunis panali mapepala a mawu omwe ankakonza kuti akalankhule Lachinayi, tsiku limene akuluakulu a ku unduna ankayembekezeka kukaona ndi maso awo zimene iye anakhala akulemba kwa zaka khumi ndi ziwiri.

Woyimbayo anali Si Moncef, ndiko kuti Bambo Moncef, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale ya ku Ain Tella, kumapiri a kufupi ndi Kef. Bamboyu sankayamba nkhani asanafunse za thupi, za makolo ndi za mvula. Tsikulo sanapereke ndi moni womwe.

"Madame Naziha, bwerani. Ana akugwa kuno."

"Akugwa bwanji?"

"Akusanza, akudzandira ngati oledzera. Khumi ndi asanu ndi anayi tawatengera kale kuchipatala. Ena ali m'kalasi, mitu ili pamadesiki."

"Adya chiyani?"

"Zomwe amadya masiku onse, Madame."

Naziha anazimitsa moto, natola makiyi a galimoto. Ulendo wa ku Ain Tella ndi wa maola atatu.

Asanayambe kulemba mabuku, Naziha anagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi pa chigayo chachikulu cha mumzinda, akuyeza tirigu wobwera pa sitima za pamadzi. Anasiya ntchitoyo atatopa ndi kuona dziko la alimi likudya za kutsidya kwa nyanja pamene mbewu za makolo zinkafera m'mitsuko. Buku lake loyamba linagulidwa ndi achibale okha. Lachiwiri linamulowetsa pa wailesi. Lachitatu, lonena za amayi khumi ndi anayi a ku Ain Tella, linamasuliridwa m'zilankhulo zitatu, ndipo anthu anayamba kumuloza m'misika.

Amayiwo ankalima balere wa makolo osathira mankhwala alionse. Ankamukazinga, n'kumugaya pamodzi ndi tchana ndi zonunkhiritsa kuti atuluke bsisa, ufa umene ana a sukulu ankadya m'mawa uliwonse wosakaniza ndi mafuta a azitona, m'malo mwa mabisiketi a m'mapepala. Kwa zaka zitatu palibe mwana anadandaulapo za m'mimba. Akuluakulu aja akanakhutira Lachinayi, ntchitoyo ikanafalikira ku sukulu makumi anayi.

Anafika pachipatala chaching'ono cha m'mudzimo dzuwa lili paliwombo. Pabwalo panali anthu oposa zana, amayi atakhala pamakwerero, amuna ataima m'magulumagulu. Atangotsika m'galimoto, bambo wina wa ovolosi yothimbirira ndi oilo anamutsekera njira. Anali Tijani, wokonza mathirakitala.

"Mwabwera, mayi wa mabuku? Ranim wanga ali mkatimu. Ndikumuitana akungotembenuza maso. M'mawa wachoka kunyumba akuthamanga."

"Pepani, Si Tijani. Ndiloleni ndikaone adokotala."

"Pepani wanu ndikamuthire mu dilipi?"

Si Moncef anatulukira, namugwira Tijani paphewa, n'kumukokera Naziha kuseri kwa ambulasi. Nkhope yake inali itamasukako kusiyana ndi mawu a pafoni aja.

"Mtima pansi, Madame, chapezeka. Ndi thanki ya madzi. Alonda akwera pamwamba paja apezamo nkhunda yakufa, yofufuma. Zaka ziwiri ndakhala ndikulemba makalata onena za thanki imeneyo, osandiyankha. Lero ayankha, afune asafune."

"Mukutsimikiza kuti ndi madzi?"

"Mudzi wonse waiona nkhundayo. Mukufunanso umboni wanji?"

Naziha anamva mpweya ukubwerera m'chifuwa. Koma analowabe mkati.

Ana anali atagona awiriawiri pabedi, ena pamatiresi pansi. Tsopano anali atakwana makumi atatu ndi mmodzi. Dokotala wake anali mtsikana wochepa thupi, Sirine, yemwe anali asanathe chaka pamalopo. Ankatsegula zikope za mwana wina uku akulankhula, osamuyang'ana Naziha.

"Ndinu a bsisa uja? Akundiuza za nkhunda, koma ine sizikundilowa. Madzi oipa amatsegula m'mimba, amatenthetsa thupi. Apa palibe wotsegula, palibe wotentha. Akunjenjemera manja, akuti chipinda chikuzungulira, kenako tulo tosadzutsika. Ndipo aphunzitsi amwa madzi omwewo, ali bwinobwino."

"Aphunzitsi sadya bsisa," anatero Naziha, mawu akutuluka okha.

Apa Sirine anadzutsa mutu. "Ndatenga madzi ndi ufa, ndizitumiza ku Tunis. Zotsatira zibwera pakatha masiku khumi. Ine masiku khumi ndilibe. Ngati mukudziwa kanthu, ndiuzeni."

"Sindikudziwa kanthu. Ndipatseni theka la ola."

Nyumba yomwe amayi aja ankagwiriramo ntchito inali kuseri kwa msika. Chitseko chinali chotseka koma chosakhoma. Mkatimo Naziha anapeza mtsogoleri wa gululo, Khalti Mbarka, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri yemwe mudzi wonse unkamutenga ngati azakhali ake. Anali atakhala pa thumba lopanda kanthu, manja ali pamiyendo. Manja omwewo, atagwira sefa, ndi amene anali pachikuto cha buku lachitatu.

"Wamva za nkhunda, mwana wanga?" anatero Mbarka.

"Ndamva, Khalti. Balere wotsala wa ulendo uno ali kuti?"

"Tinagaya yense."

"Yense?"

Naziha anayendayenda m'chipindamo, nasuzumira kuseri kwa chiwaya chokazingira. Kunali thumba limodzi lotsala pang'ono kutha. Anapisamo dzanja mpaka pansi, natapa, n'kumwaza mbewuzo pambale yoyera pafupi ndi windo.

Sipanafunike galasi lokulitsa. Pakati pa balere wonenepa panali timbewu tina towonda, toderako, tambiri. Anayamba kutipatula ndi chala. Pa dzanja limodzi lokhalo anawerenga makumi anayi, n'kusiya. Anali namsongole, udzu womera pamodzi ndi balere, wofanana naye mpaka tsiku lokolola. Iye mwini anali atalembapo masamba atatu za udzuwo m'buku lachiwiri: kuti ukalowa wambiri mu ufa, wodya amaledzera osamwa mowa.

"Khalti, simunasankhe."

"Tinapeta. Tinasefa kawiri."

"Namsongole sachoka ndi sefa. Inu ndi amene munandiphunzitsa zimenezo."

Mbarka anaimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo. "Ndiye wabwera kudzandiphunzitsa zomwe ndinakuphunzitsa? Mvula ya chaka chino inachulukitsa udzuwu, ndinakuuza pokolola. Ndinati tipezere makina osankhira mbewu. Unati chiyani? Unati makina achotsa dzanja la mayi pachakudya. Unanenanso pa wailesi, ife tikumvera, tikuwomba m'manja. Kenako mwezi watha wayimba foni: Khalti, alendo akubwera, ndikufuna khomo lililonse la mwana wa sukulu lilandire phukusi, akafike apeze bsisa m'nyumba iliyonse. Maphukusi mazana awiri ndi makumi atatu, kuwonjezera pa wa kusukulu! Nthawi ino yothyola azitona, amayi anga asanu ali kuminda ya eni ake. Tinatsala asanu ndi anayi. Maso angawa madzulo saona ngakhale ulusi. Matumba awiri oyamba tinasankha mbewu imodzi imodzi mpaka misana kuuma. Enawo tinati Mulungu atiteteze."

"Bwanji simunandiuze kuti sizitheka?"

"Ndinakuuza. Unati, Khalti, inu simulephera."

Naziha anakumbukira. Ananenadi mawu amenewo ali pa siteshoni ya wailesi, akudikira kulowa, foni ili pakati pa khutu ndi phewa.

Kenako china chinamulasa mumtima. "Maphukusi aja ali kuti?"

"Ana anapita nawo kwawo dzulo madzulo poweruka."

"Onse?"

"Onse."

Anayang'ana wotchi. Inali itatsala pang'ono kukwana 2 koloko. Kumidzi imeneyo, likangotha pemphero lachiwiri la masana, amayi amakandira ana aang'ono bsisa kuti adikirire chakudya cha madzulo. Ana a zaka ziwiri, zitatu, matupi osafika ndi theka la ana omwe anagona kuchipatala aja. Panatsala ola limodzi ndi pang'ono.

Mbarka anamugwira mkono. "Tamvera. Aliyense akuti ndi nkhunda, isiye nkhundayo isenze mlandu, yafa kale. Ine ndi amayi anga tiyenda khomo ndi khomo, tinena kuti maphukusi anapereweredwa muyezo, tikawonjezere. Titolera onse mwakachetechete. Ukatsegula pakamwa, palibe adzagulenso ngakhale supuni kwa ife. Wahida, mmodzi wa amayi angawa, akuphunzitsa ana atatu ndi ntchitoyi. Iwe ubwerera ku Tunis. Ife tikumana ndi anthuwa pachitsime, pamaliro, paukwati, mpaka kufa."

"Makomo mazana awiri, Khalti, ena kuseri kwa phiri. Mutha liti?"

"Mawa madzulo."

Foni inalira. Anali Si Moncef. "Madame, muli kuti? Kwabwera mtolankhani wa kanema kuchokera ku Kef, akujambula thanki. Akufuna mulankhulepo mawu awiri, kuti chakudya chanu chilibe vuto. Zitithandiza Lachinayi."

Naziha anaima ndi foni kukhutu, maso ali pambale. Zinali zosavuta. Mawu awiri basi, kenako thumbali n'kulitaya kumtsinje. Zotsatira za ku Tunis zikanadzabwera alendo atapita kale, mapepala atasainidwa, ndipo mwina woyeza wake sakanaganiza zofufuza namsongole. Anaganiza za sukulu makumi anayi, za alimi omwe anabwerera ku mbewu za makolo chifukwa cha mawu ake, za anthu a pa chigayo chija omwe ankamuseka kuti akufuna kudyetsa dziko ndi sefa.

"Ndikubwera," anatero, n'kudula.

Ananyamula mbale ija ndi manja awiri.

"Naziha!" Mbarka anali asanamutchulepo dzina chotero. "Ndinakulandira ngati mwana wanga."

"Ndikudziwa, Khalti. Ndikanena kuti ndine ndinalamula."

"Ndiye anthu akadya mawu akowo?"

Kuchokera kumsika kufika kuchipatala ndi mtunda waufupi, koma anaumva kutalika. Anadutsa pakati pa anthu osayang'ana kumbali, nalowa kwa Sirine, n'kuika mbale patebulo.

"Namsongole. Wambiri. Ali mu ufa wonse wa sabata ino."

Sirine anatola kambewu kamodzi, nakayang'anitsitsa, kenako anaitana namwino. "Siyani mankhwala a m'mimba aja. Madzi okha, ndipo muwagoneke chammbali, asatsamwe akasanza. Ndiyimbira a kuchipatala cha ku Kef andiuze zina." Anatembenukira kwa Naziha. "Ulipo wina kunja ufawu?"

"M'nyumba iliyonse."

"Ndiye mwaimiranji pano?"

Naziha anatuluka, naima pamwamba pa makwerero. Mtolankhani uja anali atatembenuza kale kamera.

"Abale anga, si madzi ayi. Si nkhunda. Ndi bsisa. Muli namsongole. Phukusi lomwe ana anabwera nalo dzulo, wina asadye, makamaka ana aang'ono. Amene muli ndi foni imbirani kunyumba pompano. Amayi aja anandichenjeza kuti ntchito yachuluka, ine ndinawakakamiza. Cholakwa ndi changa."

Phokoso linaphulika. Mayi wina anakuwa, nayamba kuthamangira kumsewu mpango uli m'manja. Ena ankakanikiza mafoni, kutukwana netiweki. Nsapato inauluka kuchokera pakati pa gulu, n'kumenya chitseko pafupi ndi khutu la Naziha. Si Moncef anali ataima pansi pa makwerero, kukamwa kuli yasa.

Tijani anakwera makwerero awiri, nkhope yake ili pafupi ndi ya Naziha. "Kunyumba kuli mwana wa zaka ziwiri. Mkazi wanga alibe foni. Akakhala kuti wadya, mayi iwe, usadzapondenso m'mudzi muno." Analumphira pa njinga yamoto, fumbi koboo.

Naziha anathamangira kumzikiti. Woyitanira mapemphero, Si Belgacem, nkhalamba yogontha khutu limodzi, anali akusesa pakhomo. Anafotokoza kawiri asanamve.

"Ndinene kuti ufa wina uli ndi vuto?" anafunsa mkuluyo.

"Ayi, asokonezeka ndi ufa wa m'sitolo. Nenani kuti phukusi la kusukulu, la bsisa wa Naziha Ferchichi. Dzina langa lalembedwa pamenepo, ndi lomwe akulidziwa."

"Dzina lanu pa chimkuzamawu cha mzikiti, mwana wanga? Likatuluka apa silibwereranso."

"Nenani katatu."

Mawuwo anamveka mpaka kutsidya kwa chigwa. Naziha anamva dzina lake likugunda phiri n'kubwerera, pamodzi ndi mawu oti poizoni, amene Si Belgacem anawonjezera yekha.

Koma kuseri kwa phiri chimkuzamawu sichifika. Atabwerera pagalimoto anapeza Khalti Mbarka ataima pambali pake, atafunda shawelo yakuda.

"Tsegula. Njira za kumeneko suzidziwa, ukagwera m'chigwembe."

Anayenda makomo khumi ndi asanu ndi awiri. Mbarka sankalankhula china koma "kumanja", "kumanzere", "imba hutala". Pakhomo lililonse ankatsika yekha, kukuwa dzina la mayi wa pamenepo, kubwera ndi phukusi n'kuliponya kumpando wa kumbuyo. Ena anali osatsegula. Ena anali atadyako akuluakulu m'mawa, ndipo ankadabwa chifukwa chake mitu inkawazungulira kumunda. Pakhomo lachisanu ndi chinayi anapeza mtsikana wachichepere atakhala pakhonde, mwana wa chaka ndi theka ali pamiyendo, mbale ya bsisa wokanda kale ili pambali.

"Wadya zingati?" anakuwa Mbarka.

"Masupuni awiri, atatu. Bwanji, Khalti?"

"Nyamula mwana, kwera!"

Anatsiriza makomo otsalawo mwanayo ali m'galimoto, Naziha akumuyang'ana pagalasi mphindi iliyonse. Pofika kuchipatala anali atasanza kamodzi pa shawelo ya Mbarka, koma maso anali tcheru, akulira mwamphamvu. Sirine anati kulirako n'kwabwino.

Njinga ya Tijani inali pakhomo. Naziha anathamangira mkati kukafunsa. Namwino anamuuza kuti bamboyo anapeza mkazi wake atangothira mafuta mu ufa, mwana asanalawe. Tsopano anali atabwerera kudzakhala ndi Ranim.

Palibe mwana anamwalira. Ambiri anatuluka Lachitatu, akudandaula mutu ndi njala. Ranim anagona masiku atatu, ndipo manja ake ananjenjemerabe kwa sabata. Apolisi anamufunsa Naziha mafunso kwa maola anayi, ndipo iye ananena zomwe ananena pamakwerero paja, osachotsa, osawonjezera. Apolisiwo atafuna kuitana amayi onse asanu ndi anayi aja, iye anawaonetsa pafoni yake pamene anayimba kulamula maphukusi, tsiku ndi nthawi zili pomwepo. Anaitana Mbarka yekha, n'kumubweza tsiku lomwelo.

Alendo a Lachinayi sanabwere. Kanema uja anaonetsedwa madzulo aliwonse kwa sabata yathunthu, ndipo nyuzipepala ina inajambula chithunzi choseketsa cha mayi atanyamula buku kudzanja lina, chigaza cha munthu kudzanja linalo. Misonkhano itatu ya kunja yomwe anamuitana inalemba makalata aulemu oti mapulogalamu asintha. Alimi ena a ku Siliana omwe anali atayamba kudzala balere wa makolo anabwerera ku mbewu za m'sitolo chaka chomwecho. Chimenechi ndi chimene chinamupweteka koposa, ndipo analibe woti n'kumudandaulira.

Oyendera zaumoyo anatseka nyumba ya amayi ija kwa miyezi isanu ndi itatu. Asanu anachoka m'gululo osabwereranso. Wahida anapita kukagwira ntchito yosoka ku Sousse, ana n'kuwasiya kwa mlamu wake. Naziha atapita kukamutsanzika pa siteshoni ya basi, Wahida anamupatsa moni wa dzanja, osamupsompsona m'masaya.

Chaka chotsatira, sukulu itatsegulira, Si Moncef anaitanitsa msonkhano wa makolo. Naziha anakhala kumbuyo. Sirine ndi amene anafotokoza mmene ufa uzidzayezedwera thumba lililonse usanafike pakamwa pa mwana. Atati amene akulola ana awo kudyanso bsisa aimike manja, anaimika makolo makumi asanu ndi limodzi kudza mmodzi, pa mazana awiri ndi makumi atatu aja.

Tijani sanaimike. Potuluka anamupeza Naziha pageti.

"Tsiku lija simunaname, chimenecho ndikuvomera," anatero, akuyang'ana kumbali. "Koma Ranim azidya mabisiketi."

"Ndamva, Si Tijani."

"Galimoto yanuyi ikulira moipa kutsogoloku. Mudzaibweretse Loweruka, musadzafere m'njira anthu n'kumati ndine."

Buku lachinayi linamutengera zaka zinayi. Wosindikiza wake wa ku Tunis analikana, akuti anthu sagula buku loti wolemba akudzineneza yekha. Linatuluka ku kampani yaing'ono ya ku Kef, makope mazana asanu, pa pepala lotuwa. Asanalipereke, Naziha anapita nalo kwa Khalti Mbarka, nawawerengera mutu woyamba wonse atakhala pakhonde, chifukwa mayiwo sankadziwa kuwerenga. Anamvetsera mpaka kumapeto, osamudula.

"Zonsezo zinachitikadi," anatero Mbarka. "Koma dzina langa ulichotse. Ndili ndi adzukulu oti adzakwatiwe."

Naziha anatulutsa cholembera, nalifufuta pamalo onse makumi awiri ndi atatu, mayiwo akuyang'ana.